Mmene Banja la Chikhristu Lingasungire Chikondwerero cha Misasa

Pa zikondwerero zitatu zimene Aisraeli ankasonkhanira pamaso pa Mulungu chaka ndi chaka, Akhristu ambiri amadziwa bwino ziwiri, Paskha ndi Pentekoste, chifukwa imfa ndi kuuka kwa Ambuye Yesu komanso kutsika kwa Mzimu Woyera zinachitika pa nyengo zimenezo. Chachitatu, Chikondwerero cha Misasa, chimene Ayuda amachitcha Sukkot, sichimveka kawirikawiri m'maulaliki, chonsecho m'Chipangano Chakale chinali chotchuka kwambiri moti pa 1 Mafumu 8:2, pamene Solomoni anasonkhanitsa anthu kudzapatula Kachisi, chimangotchulidwa kuti chikondwerero, popanda kufotokoza kuti ndi chiti. Malamulo ake ali pa Levitiko 23:33-43. Chimayamba pa tsiku la 15 la mwezi wa 7, chimatenga masiku 7, ndipo pa tsiku la 8 pamakhala msonkhano wopatulika wotsekera. M'masiku 7 amenewo anthu ankayenera kutuluka m'nyumba zawo n'kukhala m'misasa, kuti mibadwo yam'tsogolo idziwe kuti Mulungu anakhazika makolo awo m'misasa pamene anawatulutsa m'dziko la Ejipito.

Chimene chimandigwira mtima pa lamuloli ndi nyengo imene Mulungu analiikira. Aisraeli anatuluka mu Ejipito m'mwezi woyamba, ndiye munthu akanayembekezera kuti za misasa zizikumbukiridwa nthawi yomweyo, pamodzi ndi Paskha. Koma Deuteronomo 16:13 imati chikondwererochi chizichitika anthu atatha kusonkhanitsa za popunthira tirigu ndi za moponderamo mphesa, ndipo Eksodo 23:16 imachitcha chikondwerero cha kututa, cha kumapeto kwa chaka. Ndiye kuti pa nthawi imene nkhokwe zadzaza, munthu akudziona kuti tsopano ndi wotetezeka, ndi pamene Mulungu ankamutulutsa m'nyumba yake yolimba n'kumugoneka pansi pa masamba. Pa Deuteronomo 8 Mose anachenjeza anthu za tsiku limene adzadye n'kukhuta, n'kumanga nyumba zabwino, ziweto ndi chuma zitachuluka, kuti mtima ungadzadzikuze n'kunena kuti zonsezi zabwera ndi mphamvu ya dzanja langa. Msasa unaperekedwa pofuna kuthana ndi kuiwala kumeneko, ndipo banja la Chikhristu limene likufuna kusunga masiku amenewa liyenera kuyambira pomwepo.

Choyamba, gwirizanani pa chifukwa chimene mukuchitira

Musanadule nthambi ngakhale imodzi, bambo ndi mayi, kapena aliyense amene amatsogolera banja, akhale pansi n'kumvana pa nkhani iyi: Mkhristu sakakamizidwa kusunga chikondwererochi. Paulo analembera Akolose kuti munthu asawaweruze pa nkhani ya zakudya, masiku a chikondwerero, kuoneka kwa mwezi kapena Sabata, chifukwa zimenezi ndi mthunzi wa zimene zinkabwera, pamene thupi lenileni ndi la Khristu (Akolose 2:16-17). Pa Aroma 14:5-6 anapereka ufulu mbali zonse ziwiri, kuti wosunga tsiku alisunge chifukwa cha Ambuye, ndipo aliyense atsimikize mumtima mwake. Nsembe zambirimbiri zimene Numeri 29 imalamula pa chikondwererochi, ng'ombe zamphongo 13 tsiku loyamba, n'kumachepa imodzi tsiku lililonse mpaka 7 pa tsiku la 7, zonse pamodzi 70, zinakwaniritsidwa ndi nsembe imodzi ya Khristu, ndipo Kachisi amene ankaperekeramo nsembezo anagwetsedwa ndi Aroma m'chaka cha 70 AD. Palibe chimene msasa wanu ungawonjezere pa chipulumutso chanu.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa mabanja ena amayamba bwino, koma pakapita nthawi amayamba kuona Akhristu anzawo amene sasunga masikuwa ngati osadziwa Malemba, ndipo ana amatengera msanga mtima umenewo. Ngati mwaona kuti kusunga chikondwererochi kukubweretsa kudzitukumula kapena kukuchititsani kudzipatula pa mpingo wanu, ndi bwino kusiya, chifukwa mwataya kale chimene msasa umaphunzitsa. Uzaninso abusa kapena akulu a mpingo zimene mukufuna kuchita ndi chifukwa chake, kuti pasakhale kukayikirana. Kumbukiraninso kuti kwa Ayuda chikondwererochi ndi lamulo limene akhala akulisunga kwa zaka zikwi, ndi mapemphero ndi malangizo awoawo. Mungaphunzire zambiri kwa iwo ndipo muziwalankhula mwaulemu pamaso pa ana, koma simukuyenera kutengera mwambo uliwonse umene simukuumvetsa. Inu mukuwerenga chikondwererochi monga anthu amene akhulupirira kuti chimaloza kwa Yesu.

Chachiwiri, pezani masiku ake

Mwezi wa 7 pa kalendala ya Chiyuda umatchedwa Tishri, ndipo tsiku lake la 15 limagwa mu Seputembala kapena mu Okutobala, mwezi uli wathunthu kumwamba, patapita masiku 5 kuchokera pa Tsiku la Chitetezo, tsiku limene mkulu wa ansembe ankapereka nsembe chifukwa cha machimo a mtundu wonse. Popeza tsiku la Chiyuda limayamba dzuwa likalowa, chikondwerero chimayamba madzulo a tsiku lotsogolera limene lalembedwa pa kalendala. Mu 2026 chimayamba madzulo a pa 25 Seputembala, ndipo mu 2027 madzulo a pa 15 Okutobala. M'maiko ambiri nyengo imeneyi si yokolola, koma zimenezo zisakudetseni nkhawa, chifukwa kuthokoza pa zimene chaka chabweretsa sikudalira nyengo ya ku Israeli. Ngati ntchito ndi sukulu sizikulolani kupatula masiku onse, sungani chakudya chamadzulo chokha tsiku lililonse, ndipo ngati ndi chaka chanu choyamba, madzulo atatu osungidwa ndi mtima wonse aposa masiku 8 osungidwa modandaula.

Chachitatu, mangani msasa, ndipo mumange nonse

Apa ndi pamene pagona phunziro lalikulu, choncho musafulumire. Yambani ndi kuwerenga Nehemiya 8:13-18. Anthu amene anabwerera kuchokera ku ukapolo wa ku Babulo anapeza lamuloli m'buku la Chilamulo pamene Ezara ankawaphunzitsa, ndipo anapita kumapiri kukatenga nthambi za azitona, za mchisu, za kanjedza ndi za mitengo ina ya masamba ambiri. Anamanga misasa aliyense padenga la nyumba yake, m'mabwalo a nyumba zawo, m'mabwalo a Nyumba ya Mulungu, pabwalo la ku Chipata cha Madzi ndi la ku Chipata cha Efereimu. Wolemba amati kuyambira masiku a Yoswa mwana wa Nuni anthu anali asanachitepo chotero, ndipo chimwemwe chinali chachikulu kwambiri. Ndimeyi imathandiza m'njira ziwiri. Imaonetsa kuti anthu anamanga pamene anali ndi malo, ndi nthambi zimene zinkapezeka pafupi, ndiponso kuti anthu amene anali atasiya mwambowu anayambiranso popanda manyazi.

Sankhani malo a panja amene mukhoza kuona thambo, pafupi ndi pophikira kuti kunyamula chakudya kusakhale chintchito. Imikani mitengo inayi yolimba m'ngodya, yotalika moti munthu wamkulu aime osawerama, ndipo muilumikize pamwamba ndi mitengo yopingasa yomangidwa bwino ndi zingwe. Mbali zitatu mutchinge ndi nsalu, zofunda zakale kapena matabwa, mbali yachinayi musiye yotseguka kuti ikhale khomo. Kukula kwake kudalire anthu amene adzakhalamo, koma muwerengere ndi alendo omwe. Denga ndilo lofunika kwambiri. Malangizo a Ayuda amati likhale la zomera zodulidwa, monga nthambi kapena mabango, loyalidwa mothithikana moti masana mthunzi uchuluke kuposa dzuwa, koma amakonda kuti pakhale mipata yoti usiku nyenyezi zizioneka. Inu simumangidwa ndi malangizo amenewo, komabe ndikukulimbikitsani kuwatsatira pa nkhani ya denga, chifukwa mukafolera ndi malata kapena pulasitiki mwangomanga chipinda china cha nyumba yanu, ndipo phunziro lonse latayika.

Mwana akafunsa chifukwa chake mukumanga kanyumba kodontha pamene muli ndi nyumba yabwino, musamuyankhe mothamanga, popeza funso limenelo ndilo cholinga cha ntchito yonseyi. Muuzeni kuti msasa umanena zinthu ziwiri. Choyamba umanena za ife, kuti moyo wathu ndi wosalimba ndipo tili pa ulendo. Ahebri 11:9-10 imati Abrahamu anakhala m'mahema pamodzi ndi Isake ndi Yakobo m'dziko limene analonjezedwa, chifukwa ankayembekezera mzinda wokhala ndi maziko, umene mmisiri ndi womanga wake ndi Mulungu, ndipo pa 2 Akorinto 5:1 Paulo amayerekeza thupi lathu lenilenili ndi chihema chimene chidzapasulidwa. Chachiwiri umanena za Mulungu, kuti anthu amene analibe makoma kwa zaka 40 sanasowe chitetezo. Mtambo unkawatsogolera masana ndi moto usiku, mana ankagwa m'mawa uliwonse kupatula pa Sabata, zovala zawo sizinathe ndipo mapazi awo sanatupe. Wokhala mumsasa amamva mphepo ikulowa, koma akakweza maso amaona thambo la Iye amene amamusunga. Mwana akangomva mbali yoyamba yokha adzachita mantha, ndipo akangomva yachiwiri yokha adzaganiza kuti wokhulupirira sakumana ndi mavuto, choncho muzinene zonse ziwiri limodzi.

Gawani ntchito molingana ndi misinkhu. Akuluakulu akumbe ndi kumanga, achinyamata atenge nthambi atapempha kwa eni mitengo, ndipo ang'onoang'ono akongoletse mkati ndi zipatso, maluwa ndi zithunzi zimene ajambula okha za ulendo wa m'chipululu. Levitiko 23:40 imatchula zipatso za mitengo yokongola, nthambi za kanjedza, nthambi za mitengo ya masamba ambiri ndi misondodzi ya m'mitsinje, zimene anthu ankatenga posangalala pamaso pa Mulungu. Mpaka lero Ayuda amagwira m'manja chipatso chonga ndimu chotchedwa etrog pamodzi ndi nthambi za kanjedza, mchisu ndi msondodzi. Inu tengani nthambi zobiriwira zimene mungapeze, kuti ana azigwire poimba. Masamba akayamba kuuma sachedwa kugwira moto, ndiye musayatse makandulo kapena nyale ya mafuta mkati mwa msasa, gwiritsani ntchito nyale ya batire.

Amene alibe bwalo asataye mtima. Khonde, denga lathyathyathya kapena bwalo la banja lina la mumpingo likhoza kuthandiza, ndipo mabanja awiri kapena atatu akamanga msasa umodzi chimwemwe chimachuluka.

Chachinayi, tsegulani chikondwerero madzulo oyamba

Dzuwa likamalowa, tulukani m'nyumba nonse pamodzi mutanyamula chakudya, ndipo mafoni muwasiye m'nyumbamo. Wotsogolera awerenge Levitiko 23:39-43, kenako Deuteronomo 8:10-18 pang'onopang'ono. Mukatero, aliyense, kuyambira wamng'ono, atchule zinthu zenizeni zimene Mulungu wapereka chaka chimenechi, ndipo mmodzi azilemba m'kope limene mwalipatula kuti likhale la chikondwererochi. Musalole mayankho ongoti tikuthokoza chifukwa cha zonse. Mwana anene kuti anachira matenda akuti, mayi anene kuti ngongole yakuti inatha, bambo anene kuti ntchito imene inali pangozi inapitirira. Pamenepo wotsogolera afunse funso limene Deuteronomo 8 imafunsa, lakuti pa zinthu zimenezi ndi ziti zimene tayamba kuzitenga ngati zabwera ndi nzeru zathu, ndipo akhale woyamba kuyankha moona mtima, chifukwa ana sangavomere chimene makolo awo akubisa. Pempherani, imbani, kenako idyani chakudya chabwino kuposa cha masiku onse, poti ili ndi phwando. Masalimo 113 mpaka 118 ndiwo amaimbidwa ndi Ayuda pa masiku amenewa, ndipo mukhoza kuwerenga limodzi madzulo aliwonse.

Chachisanu, khalanimo, werengani, ndipo itanani anthu

Lamulo linati anthu akhale m'misasa, ndiye yesetsani kuti msasa ukhale pakati pa moyo wa banja sabata yonseyo. Idyeranimo, chezeranimo, ana alembere momwemo ntchito ya kusukulu kukadali kowala, ndipo ngati malo ndi otetezeka komanso nyengo ikulola, gonanimo usiku umodzi kapena iwiri, mutadziteteza ku udzudzu ndi kuzizira. Okalamba, odwala ndi makanda asakakamizidwe. Mvula ikabwera lowani m'nyumba popanda kudziimba mlandu, ngakhale malangizo a Ayuda amamasula munthu ngati kukhala mumsasa kwasanduka kuzunzika.

Kuwerenga Malemba ndi mbali ya chikondwererochi kuyambira kale. Deuteronomo 31:10-13 imalamula kuti pakapita zaka 7 zilizonse Chilamulo chiwerengedwe pa Chikondwerero cha Misasa pamaso pa amuna, akazi, ana ndi alendo, ndipo imatchula mwapadera ana amene sanachidziwe, kuti amve ndi kuphunzira kuopa Mulungu. Choncho sankhani ndime zazifupi zimene mwana angathe kuzitsatira. Madzulo achiwiri werengani Eksodo 16, nkhani ya mana amene sankasungika kufikira mawa, muilumikize ndi pemphero la Ambuye lopempha chakudya cha lero. Madzulo achitatu werengani pemphero la Solomoni pa 1 Mafumu 8:27-30, pamene amadabwa ngati Mulungu angakhaledi pa dziko lapansi, ndipo muyankhe funso lakelo ndi Yohane 1:14, pamene Mawu anasandulika thupi nakhala pakati pathu. Pano ndichenjezepo pang'ono: pali aphunzitsi amene amanena motsimikiza kuti Yesu anabadwa pa Chikondwerero cha Misasa, koma Malemba satchula tsiku limene anabadwa, ndiye musaphunzitse ana zimenezo ngati chiphunzitso. Madzulo achinayi ndi oyenera Ahebri 11:8-16, ndipo achinyamata okulirapo angapindule ndi mitu ina ya buku la Mlaliki, limene m'masunagoge ambiri limawerengedwa pa nyengoyi chifukwa limanena mosabisa za kufupika kwa zonse zimene munthu amazivutikira.

Pa nkhani ya alendo, Deuteronomo 16:14 sinasiye munthu kuti asankhe yekha. Imatchula mwana wamwamuna ndi wamkazi, wantchito wamwamuna ndi wamkazi, Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Ambiri mwa amenewa ndi anthu amene analibe munda wawo, ndiye kuti analibe zokolola zoti akondwerere nazo pokhapokha wina atawaitana. Phwando la zokolola limene wadya mwini munda yekha ndi abwenzi ake olemera silinakwaniritse lamulo. Yesu ananena zofanana pa Luka 14:12-14, kuti pokonza phwando tiziitana amene sangathe kutibwezera. Choncho chikondwerero chisanayambe, lembani mayina a anthu amene mudzawaitane, ndipo muonetsetse kuti pa mndandandawo pali wamasiye, wokalamba wokhala yekha, wophunzira amene ali kutali ndi kwawo, kapena munthu wochokera dziko lina. Ngati pakhomo panu pali wantchito, akhale pansi adye nanu, ndipo tsiku limenelo ana anu ndiwo atumikire. Mlendo musamuike pa malo apadera ngati munthu wothandizidwa, chifukwa mumsasa nonse muli pansi pa denga lodontha lomwelo, ndipo mum'patse mpata wotchula zimene iyenso akuthokoza. Popeza Deuteronomo 16:16-17 imati munthu asaonekere pamaso pa Mulungu chimanjamanja koma apereke monga wadalitsidwira, gwirizanani pabanja za mphatso imene mudzapereke kwa osowa kapena ku ntchito ya mpingo, ndipo ana aikepo gawo lawo ngakhale litachepa bwanji.

Tsiku limene muli ndi mlendo wochokera kutali ndi labwino kuwerenga Zekariya 14:16, pamene mneneri amaona otsala a mitundu yonse akukwera ku Yerusalemu chaka ndi chaka kukalambira Mfumu ndi kusunga Chikondwerero cha Misasa, ndiponso Chivumbulutso 7:9-17, pamene khamu losawerengeka la mitundu, mafuko ndi zinenero zonse laima pamaso pa Mwanawankhosa litagwira nthambi za kanjedza. Mukatha kuwerenga, pemphererani maiko ena powatchula mayina, makamaka kumene anthu athawa nkhondo ndipo akukhala m'mahema enieni chaka chonse.

Pali mabanja amene adzafike pa masiku amenewa nkhokwe zili zopanda kanthu, ntchito itatha kapena maliro ali aposachedwa, ndipo lamulo lakuti mukondwere likhoza kumveka lolemera. Musadzikakamize kuseka, ndipo musaletse wolira kulira. Anthu a m'masiku a Nehemiya amene anakondwera kwambiri aja anali ochepa, olamulidwa ndi mfumu ya Perisiya, okhala mumzinda umene nyumba zambiri zinali zisanamangidwe, ndipo masabata awiri m'mbuyomo anali akulira pomva mawu a Chilamulo mpaka anauzidwa kuti chimwemwe cha Yehova ndicho mphamvu yawo. Banja lotere liwerenge Habakuku 3:17-18, ndipo lidziwe kuti msasa ukunena zoona za moyo wawo kuposa mmene ukunenera kwa okhuta. Ngati mukudziwa banja limene lili pa nyengo yotereyi, limenelo ndilo loyamba kuliitana.

Chachisanu ndi chimodzi, patulani madzulo a kuwala ndi madzulo a madzi

Madzulo awiri omaliza a sabatayi muwapereke ku mawu awiri amene Yesu analankhula m'Kachisi, chifukwa apa ndi pamene Mkhristu amaona bwino kumene chikondwererochi chimaloza. Mishnah, buku la miyambo ya Ayuda limene linasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD, imafotokoza kuti pa chikondwererochi m'Bwalo la Akazi la m'Kachisi munkaimikidwa zoikapo nyale zazitali zagolide, chilichonse chokhala ndi mbale zinayi za mafuta zimene anyamata a banja la ansembe ankazifikira ndi makwerero, ndipo zingwe zake zinkapangidwa kuchokera ku zovala zakutha za ansembe. Imati panalibe bwalo mu Yerusalemu limene kuwalako sikunafike, ndipo anthu ankavina ndi miuni m'manja, Alevi akuimba. Yohane amaika mawu a Yesu akuti Iye ndiye kuunika kwa dziko lapansi atangotha kufotokoza za chikondwererochi, ndipo amati anawalankhula pafupi ndi mosungira zopereka m'Kachisi (Yohane 8:12, 20). Pa madzulo a 6, mukatha kudya, zimitsani nyale zonse, khalani mumdima kwa kanthawi kuti ana aumve, kenako yatsani nyale imodzi n'kuwerenga ndimeyi pamodzi ndi Eksodo 13:21-22. Afotokozereni kuti moto wa m'chipululu unkayenda ndipo anthu ankayenera kuutsatira, n'chifukwa chake Yesu analonjeza kuwala kwa moyo kwa amene amutsata. Funsani aliyense kuti ndi pa chisankho chiti chimene akufuna kutsogoleredwa chaka chikubwerachi, ndipo mulembe zopemphazo m'kope lija.

Madzulo a 7 ndi a madzi. Ku Israeli mvula siigwa m'miyezi yotentha, ndipo chikondwererochi chimafika dziko litauma, anthu akuyembekezera mvula yoyamba, n'chifukwa chake Zekariya 14:17 imalumikiza chikondwererochi ndi mvula. Mishnah imati tsiku lililonse la chikondwerero wansembe ankatunga madzi ku thamanda la Siloamu mumtsuko wagolide, n'kulowa nawo pa Chipata cha Madzi malipenga akulira, kenako ankawathira paguwa la nsembe pamodzi ndi vinyo. Anthu amene ankaona zimenezi ankadziwa za thanthwe limene linatulutsa madzi m'chipululu, ndiponso mawu a Yesaya 12:3 onena za kutunga madzi mokondwera m'zitsime za chipulumutso. Pa tsiku lomaliza, lalikulu la chikondwerero, Yesu anaimirira n'kufuula kuti ngati pali munthu wakumva ludzu abwere kwa Iye adzamwe, ndi kuti wokhulupirira Iye mitsinje ya madzi amoyo idzayenda kuchokera mkati mwake, ndipo Yohane amafotokoza yekha kuti ankanena za Mzimu amene okhulupirira anali pafupi kulandira (Yohane 7:37-39). Taganizirani kulimba kwa mawu amenewa. Pakati pa khamu limene lakhala sabata yonse likupempha madzi kwa Mulungu, munthu wa ku Galileya akuti madziwo ali kwa Iye. Mpake kuti anthu anagawanika, ena akuti ndi Mneneri uja, ena akuti ndi Khristu, ndipo asilikali a Kachisi amene anatumidwa kukamugwira anabwerera chimanjamanja n'kunena kuti palibe munthu analankhulapo chotero.

Kuti ana aimve nkhaniyi, tumani mmodzi akatunge madzi mumtsuko n'kubwera nawo kumsasa ena akuimba ndi nthambi m'manja. Werengani Eksodo 17:1-7, kenako 1 Akorinto 10:4 pamene Paulo amati thanthwelo linali Khristu, ndipo pomaliza Yohane 7:37-39. Thirani madziwo m'makapu, aliyense amwe. Nenani momveka kuti awa ndi madzi wamba, si sakramenti ndipo alibe mphamvu ina iliyonse, angokhala chothandizira kukumbukira. Chofunika ndi kukambirana kumene kukutsatira, kwakuti kodi mtima wa aliyense uli ndi ludzu la chiyani, ndipo wakhala ukukatunga kuti. Achinyamata kawirikawiri sayankha funso lotere pagulu, ndiye musawaumirize, koma apatseni mphindi zochepa zopemphera chamumtima. Malizani ndi kupempha Mzimu Woyera kuti adzaze banja lanu, ndipo poti lonjezo likuti madziwo adzayenda kutuluka, tchulani anthu amene mukufuna kuti madalitso amenewa awafikire kudzera mwa inu.

Chachisanu ndi chiwiri, tsekani pa tsiku la 8

Lamulo lokhala m'misasa linali la masiku 7 okha, ndipo tsiku la 8 linali msonkhano wopatulika wapadera, umene ngakhale nsembe yake inali yochepa, ng'ombe yamphongo imodzi yokha m'malo mwa zambiri zija. Tsiku limeneli idyerani m'nyumba. Pambuyo pa sabata ya panja, ana adzaona makoma, chitseko ndi bedi ndi maso atsopano, ndipo ndi nthawi yabwino yothokoza chifukwa cha nyumbayo ndi kuipereka kwa Mulungu kuti ikhale yotseguka kwa ena. Werengani 2 Akorinto 5:1-9 ndi Chivumbulutso 21:1-4, pamene mawu ochokera kumpando wachifumu amalengeza kuti chihema cha Mulungu chili pakati pa anthu, adzakhala nawo, ndipo imfa, maliro ndi kulira sizidzakhalaponso. Ngati m'banjamo muli amene anatsogola, ino ndi nthawi yowatchula mayina ndi kulankhula za chiyembekezo cha kuuka kwa akufa mosazengereza.

Tsiku lotsatira phwasulani msasa nonse pamodzi, monga munaumangira. Nthambi zouma muzichotse msanga pafupi ndi nyumba chifukwa cha moto, mphatso imene munagwirizana ija muipereke sabata isanathe, ndipo alendo amene munadya nawo, makamaka okhala okha, muwayendere m'masabata otsatira kuti ubale usathere pa phwando. Funsani ana chimene chinawathandiza ndi chimene chinawatopetsa, ndipo mulembe mayankho awo kuti chaka chamawa mudzafupikitse kapena kusintha zowerenga. Mitengo ndi zingwe muzisunge pamalo ouma, ndipo kope lija mulisunge mosamala, chifukwa pa madzulo oyamba a chaka chamawa mudzayamba ndi kuwerenga zopempha za chaka chino, musanalembe zothokoza zatsopano.